Mmene a Gwirauko Analongedzera Akazi Awo

Mutu uliwonse wa mkazi woyenda mumsewu wa kuseri kwa siteji ya basi, ngati uli wooneka bwino, ndiye kuti unadutsa m'manja mwa a Chipeso. Ngati uli wa manyazi, mwiniwake anakangana nawo.

Dzina lawo lenileni lilipo, koma linatsalira pachiphaso. Anthu anawatcha a Chipeso chifukwa chipeso cha mchira wosongoka sichichoka m'tsitsi mwawo. Kutchalitchi chili pompo, kumaliro chili pompo, ndipo akafuna kuloza munthu saloza ndi chala ngati anthu ena onse, amasolola chipesocho. Sukulu anaisiya tsiku limene aphunzitsi anawapeza akuluka tsitsi la mtsikana wokhala kutsogolo kwawo, mayeso ali mkati. Akuti aphunzitsiwo anayang'ana pepala, loyera mbee. Anayang'ana mutu wa mtsikanayo, mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula. Ndiye anangoti, "Iwe, pita uzikadya zimenezi, kuno ukutitayira choko."

Anapitadi, ndipo anadyadi. Analowa ntchito musaluni ya mayi wina wamkulu thupi amene aliyense amangowatcha a Madamu. Anayambira pampando wa kumbuyo, pafupi ndi sinki, pamene munthu amanyowa miyendo tsiku lonse. Zaka zikupita, anasendera, anasendera, mpaka anafika pampando wa pawindo. Musauone ngati mpando wamba. Pawindo pali kuwala, pali kamphepo, ndipo kasitomala aliyense wodutsa mumsewu amayamba waona woluka wa pamenepo. Komanso woluka wa pawindo ndiye amayamba kudziwa amene watenga mimba, amene wathawidwa, ndi amene mlongo wake wa tsiku lija sanali mlongo ayi. A Chipeso analera ana awo onse ndi mpando umenewo, ndipo anali kunena poyera kuti adzauchoka ali chogona.

Amuna awo ndi a Gwirauko, osamutsa anthu. Amayenda palole ndi dalaivala mnzawo, kunyamula mafiriji, makabati, mabedi ndi magalasi a anthu kuchokera nyumba iyi kupita nyumba iyo. Dzinalo linabwera chifukwa cha kukuwa kwawo pamasitepe: "Gwira uko! Gwira uko!" Munthu wamfupi, wa khosi ngati chitsa, wa manja ngati mafosholo, koma akagwira mbale ya dothi mumachita kumva chisoni kuti bwanji inu simunabadwe mbale. Chiyambire ntchito sanaswepo ngakhale kapu, ndipo zimenezi amakuuzani musanawafunse.

Anakumana ndi a Chipeso tsiku limene anabwera kudzasuntha chigalasi chachikulu cha musaluni. A Chipeso anaona mmene mwamunayo anachikutira ndi bulangete, mmene anachisisitira, mmene anachilankhulira chapansipansi pochitulutsa pakhomo. Anatsina mnzawo n'kunena kuti, "Mwamuna wogwira galasi chonchi sangamenye mkazi." Ananena zoona. Chimene anaiwala kufunsa n'chakuti mwamuna wotere amamutani mkazi akadwala.

Matendawo anabwera ana atakula kale n'kuchoka pakhomo. Mimba ya a Chipeso inayamba kutupa, msambo wosaleka, mutu waching'alang'ala. Makasitomala anayamba kutsinana, ena kufunsa mosapsatira ngati a Gwirauko sanamve kuti nyengo yokolola inatha. Kuchipatala anapeza zotupa m'chiberekero, ndipo adokotala anati chiberekerocho chichoke. Kufiyeta opareshoni inayenda bwino. Tsiku lotuluka, anesi anaimika banjali pafupi ndi bedi n'kuwauza malangizo ambirimbiri: za kuyenda, za kadzukidwe, za madzi akumwa, za mankhwala. Koma khutu la munthu limatola za ntchito yake. A Gwirauko anatolapo ziwiri: mkazi asanyamule zolemera, ndipo bala lisagwedezeke. Zina zonsezo zinagwera pansi n'kusesedwa ndi oyeretsa m'wodi.

Banjali limakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yopanda chikepe. A Chipeso atatsika galimoto anagwira chitsulo cha masitepe kuti ayambe kukwera pang'onopang'ono.

"Mukutani?" anafunsa a Gwirauko.

"Ndikupita kwathu, bambo. Kapena tinasamuka ndili kufiyeta?"

"Khalani apa."

Apa pamene ankanenapo panali pampando wa manja umene anautsitsa kale m'mawa. Anawakhazika, anawamanga lamba pachifuwa, wina m'maondo, n'kuitana dalaivala. Nyumba yonse inatuluka kudzaonerera. A Chipeso anakwera masitepe ali m'malere, chipeso chili m'mutu, amuna awo akukuwa, "Gwira uko! Samala pakona! Usapendeketse, iwe, si matumba a simenti awa!"

M'nyumba anapeza zonse zakonzedwa. Panali chisofa chakale chimene kasitomala wina anawasiyira posamuka, chofewa mwakuti munthu akakhalapo maondo amamufika pachibwano. A Gwirauko anachikokera pakhomo penipeni pa bafa, kuti wodwala akafuna kudzithandiza angotembenuka n'kulowa. Anawagoneka akazi awo mmenemo. Mapilo uku, mapilo uku, mabulangete otuwa a kuntchito m'mipata monse, kuti pasakhale pogwedezekera. Kumapazi anatsekako ndi katoni yopinda. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, anayang'ana, anakankha sofayo ndi bondo kuti aone ngati katundu akuseweramo. Sanasewere.

Kenaka anatola nsapato zonse za a Chipeso, za kutchalitchi, za kuntchito, ngakhale mapatapata a kubafa, n'kuziika pamwamba pa wadirobu.

"Nanga nsapato zalakwanji?"

"Nsapato n'zimene zimanyenga munthu kuti ayende."

Masiku oyamba a Chipeso anakoma nazo. Ndani amakana kubweretseredwa tiyi ali gone? Mkazi amene chibadwire ankadya chiimire, lero akupatsidwa buledi wochotsa khungu. Anaimbira foni anzawo onse a musaluni kuwauza kuti akwatiwe ndi osamutsa anthu, aphunzitsi ndi makalaliki n'kutaya nthawi.

Koma sabata isanapite patali, msana unayamba kulankhula. Unayambira m'munsi, cham'chiunomu, ngati munthu wakanikiza ndi chala. Kenaka chalacho chinasanduka chibakera. Podzuka m'chisofamo ankachita kudzikoka ndi khosi ngati kamba wogwa chagada, bala likukoka kutsogolo, msana ukukoka kumbuyo. Akaimirira sankawongoka. Ankalowa m'bafa atapindika, manja onse pamimba, maso pansi, ngati munthu wofunafuna singano. Kuchimbudzi nakonso zinthu zinaima, moti ankakhalako nthawi yaitali n'kutulukako ndi nkhope yokhayokha.

"Bambo, msanawu ukundipha."

A Gwirauko anayenda mozungulira sofa, akugwira apa, akugwira apo. "Katundu akamalira m'lole, ndiye kuti pena pake pali mpata," anatero. Anawonjezera mapilo awiri ndi bulangete lina. Msana unakula ukali. Anawonjezera kamatiresi ka mwana. Mmene mwezi unkafika pakati, munthu wolowa m'nyumbamo ankayamba waona mulu wa zofunda, kenaka chipeso, kenaka maso awiri okwiya.

Ndiye inalira foni ya a Madamu.

"Achemwali, muli bwanji kumeneko? Tikukupemphererani tsiku ndi tsiku."

A Chipeso anadziwa kuti a Madamu akayamba ndi mapemphero, kumapeto kuli mpeni.

"Paja mpando wanu uja ndinayamba ndakhazikapo mtsikana wa zikhadabo zazitali uja, kuti usachite fumbi. Ndiye makasitomala ayamba kumuzolowera. Ine sindikukuthamangitsani ayi, Mulungu akuona. Koma windo silingadikire munthu mpaka kalekale. Mwezi uno ukatha musanaoneke, ndingomusiyira, inu mukadzachira tidzakupezerani pena. Kusinki kuja tinakonzako, sikudonthanso kwambiri."

Kusinki! A Chipeso anafuna kudzuka kuti atukwane ataimirira, koma msana unawabweza. Anatukwana chogona, foni atadula kale. Kenaka analira pang'ono, chifukwa woluka tsitsi amadya ndi zala, koma zalazo zimapachikika pamsana, ndipo msana wawo unali utasanduka ngowe.

Mwayi wawo unabwera ndi mutu wonyansa. Anesi aja a tsiku lotuluka anali kasitomala wa a Chipeso wakalekale, wokana kugwiridwa m'mutu ndi munthu wina aliyense. Tsitsi lawo linali litafika poti ngakhale kachipewa ka unesi kankachita manyazi kukhalapo. Tsiku lawo lopuma anakwera masitepe onse aja masana, a Gwirauko ali kuntchito, kuti mwina a Chipeso angowamasulako ali chikhalire.

Anatsegula chitseko, anayang'ana muluwo, n'kufunsa kuti, "Odi, kodi eni nyumba anasamuka?"

"Ndili muno, asisi."

"Mayo ine! Akutumizani kunja kodi? Mwatsala n'kumatidwa pepala la adiresi pamphumi."

A Chipeso anawafotokozera zonse, za msana, za sofa, za mpando wa pawindo. Kenaka anatsitsa mawu n'kufunsa chimene chinkawasowetsa tulo. "Ndiuzeni zoona, asisi. Kodi sanaiwalemo sizasi m'mimbamu? Kapena jakisoni wa pamsana uja anandilasa molakwika?"

Anesi anayamba kuchotsa mapilo limodzilimodzi, akufunsa mafunso. Thupi likutentha? Ayi. Pokodza pakuwotcha? Ayi. Magazi kapena zonunkha zikutuluka? Ayi. Miyendo ikuchita dzanzi, kapena mkodzo ukungotuluka wokha? Ayi. Katumba watupa? Ayi. Anayang'ana bala, louma bwinobwino.

"Chimodzi mwa zimenezo chikanakhalapo, bwenzi pano tili panjira ya kuchipatala, ndipo chikadzaoneka musadzadikire kuti kuche. Koma inu, mayi, sizasi zathu zonse zilipo. Pamene anabaya jakisoni pamawawa masiku ochepa n'kuleka. Kugona nthawi yaitali pabedi lolimba la kufiyeta nakonso kumasiya msana ukudandaula, koma zimenezo bwenzi zitatha kale. Msana wanuwu ukuphedwa ndi chikondi."

"Chikondi chimapha msana?"

"Tamverani. Mimba ndi msana zimanyamula thupi mothandizana, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Ife tinadula kutsogoloku, minofu ya pamimba yafooka, ndiye ntchito yonse yagwera msana. Mmalo moti muziyenda kuti minofu idzuke, mwagona m'dzenje ili masabata onsewa. Mukaimirira mukupindika poopa bala, msana n'kumakoka thupi lonse ngati ndowa yodzaza. Kuchimbudzi mukupita?"

A Chipeso anayang'ana kudenga.

"Ndinadziwa. Kudzimbidwa nakonso kumakankha msana. Madzi ambiri, zipatso, masamba. Tsopano dzukani. Ayi, osati choncho ngati mtembo wa m'filimu! Pindani maondo. Tembenukirani kumbali, thupi lonse pamodzi ngati chipika. Tsitsani miyendo. Kankhani ndi chigongono. Eya. Mwaona? Bala silinamve n'komwe."

Anawaimiritsa, anawagwira mapewa n'kuwawongola pang'onopang'ono. A Chipeso anakuwa kuti ulusi uduka. Anesi anati ulusi umenewo si wa meshi ya musaluni. Anawayendetsa kuchoka pasofa kufika pawindo, n'kubwerera. Anawauza kuti azichita zimenezo kangapo patsiku, lero pang'ono, mawa kuwonjezerako, kulekeza asanatope. Azigona pabedi, pilo mmodzi pakati pa maondo akagonera kumbali, kapena pansi pa maondo akagona chagada. Azikhala pampando wolimba, kathaulo kopinda kali m'chiuno. Akafuna kutsokomola kapena kuseka, akanikize pilo pabala. Zolemera ayi, mpaka adokotala atalola: ndowa ayi, mdzukulu ayi.

"Pamenepo pokha ndiye amuna anu anamva bwino. Koma musayende ndi masokosi pamatailosi oterera awa, mungagwe n'kundichotsetsa ntchito. Valani nsapato zogwira pansi. Nsapato zanu zili kuti?"

A Chipeso anasolola chipeso n'kuloza pamwamba pa wadirobu. Anesi, amene ndi aafupi kuposa a Gwirauko, anadumpha kawiri, osafikira. Anaseka mpaka anakhala pansi. Tsitsi lawo linamasulidwa theka lokha, anesiwo n'kupita atamanga mpango.

Madzulo a Chipeso anayesa kuwauza amuna awo mwaulemu, atawasiya kaye adye.

"Bambo, kunabwera anesi. Akuti ndiziyenda."

"Anesi amadziwa odwala ali m'chipatala. Akatuluka ndi anga."

"Akuti msanawu ukuwawa chifukwa chogona."

"Chinthu chomatidwa chatsopano sachigwedeza. Tebulo ukalimata ndi guluu umalisiya mpaka ligwire. Funsani kalipentala aliyense."

"Ndiye ine ndine tebulo? Ndine katundu?"

A Gwirauko anaika supuni pansi. "Kapu ndikaswa, ndikagula ina. Inu ndikakugulani kuti?"

Mawu otere mumawayankha bwanji? A Gwirauko anawabwezera a Chipeso mapilo onse m'malo mwake. Koma mwezi unali kuthamangira kumapeto, ndipo mtsikana wa zikhadabo uja anali kutenthetsa mpando wa eni.

M'mawa mwake, lole itangolira kunja, a Chipeso anatembenuka ngati chipika, anatsitsa miyendo, anakankha ndi chigongono. Kuseri kwa chitseko kunali majombo akale a amuna awo, a chitsulo kumphuno, amene a Gwirauko sanawaganizire kuti angakhale nsapato za mkazi. A Chipeso anavala masokosi awiriawiri, analowetsa mapazi, n'kuyamba ulendo wa kuwindo. Gu. Gu. Gu. Tsiku loyamba anatuluka thukuta ngati akwera phiri. Tsiku lotsatira anafika kukhitchini. Masiku akupita, anayamba kuzungulira nyumba yonse, kuchipinda, pabalaza, kukhonde, akuulankhula msana wawo ngati mwana wovuta. Masana ankagona pabedi lenileni, pilo pakati pa maondo. Dzuwa likapendeka ankabweza majombo kuseri kwa chitseko, n'kudzilongedza okha m'chisofa, nkhope yomvetsa chisoni ili chire.

Chimene anaiwala n'chakuti pansi pa munthu wokhala pamwamba ndi denga la munthu wina.

Kunsi kwawo kumakhala a Mawotchi, bambo wosakwatira amene amakonza mawotchi pawindo la chipinda chake. Popeza masiku ano anthu amaonera nthawi pafoni, ntchito inachepa, koma makutu anatsala, ozolowera kumva kachitsulo kakang'ono kakudwala m'kati mwa wotchi. Makutu otere akasowa ntchito amalowa m'nyumba za anthu. A Mawotchi anamva gu, gu, gu pamutu pawo. Anadziwa kuti mayi wa pamwamba sayenda, nyumba yonse inamuona akukwezedwa pampando. Anadziwanso kuti mapazi amenewo si a mkazi. Ndipo pakati pa kugundako ankamva mawu a a Chipeso: "Eya, pamenepo. Pang'onopang'ono, usandipweteke. Lero ndiye wandikomera mtima, dzulo unandizunza."

Anapirira masiku angapo, kuuza anthu atatu okha. Kenaka m'mawa wina anawadikirira a Gwirauko pamasitepe.

"Achimwene, wakutsina khutu ndi mnansi. Ine sindilowerera za m'mabanja, inu mukudziwa. Koma mukangochoka, kwanu kumalowa chimwamuna."

"Mwachiona?"

"Kuchiona ayi, n'chochenjera, pamasitepe sichimveka n'komwe. Koma n'cholemera, chachikulire, chimakoka mwendo wakumanzere. Mwina msilikali wopuma ntchito."

A Gwirauko sanapite kuntchito tsiku limenelo. Anauza dalaivala kuti alize lole n'kukaiimika kuseri, kenaka onse atatu anakhala m'chipinda cha a Mawotchi, makosi atapindikira kudenga ngati nkhuku zikumwa madzi. Sipanapite nthawi. Gu. Gu. Gu.

A Chipeso anali pakati pa balaza, atavala diresi logonera ndi majombo, dzanja limodzi m'chiuno, lina litagwira kapu ya madzi, pamene chitseko chinatseguka ndi mphamvu. Analowa amuna awo atagwira lamba womangira firiji, kumbuyo kwawo dalaivala ndi sipanala, kumbuyo kwenikweni a Mawotchi, opanda chida chilichonse koma maso.

"Ali kuti?"

"Ndani?"

A Gwirauko sanawayang'ane n'komwe. Anathamangira kuchipinda, anasuzumira pansi pa bedi. Anatsegula wadirobu. Anafukula mulu wa mapilo pasofa, limodzilimodzi, mwaulemu, chifukwa ngakhale atakwiya saponya katundu. Dalaivala anayang'ana m'bafa, anayang'ana kukhonde, mpaka anatsegula firiji.

"Mukufuna chiyani m'nyumba mwanga, abambo inu?"

"Msilikali!" anatero a Mawotchi ali pakhomo.

A Chipeso anayenda kupita kumene kunali a Mawotchi. Gu. Gu. Gu. Amuna atatu aja anatsitsa maso pamodzi. Dalaivala anabisa sipanala kumbuyo, anayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. A Mawotchi anati akumbukira kuti anasiya wotchi ya munthu ili yotsegula, fumbi lingalowemo.

"Imani pompo, achimwene," anatero a Chipeso, chipeso chili kale m'manja. "Mwendo wakumanzere ndimakokadi, jombo iyi ndi yaikulu. Koma mukamauza anthu, muziti msilikaliyo ndi wokongola."

A Gwirauko anakhala pamkono wa sofa, lamba ali pamiyendo. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza kabati ya galasi ikutsika yokha m'lole.

"Mwakhala mukuyenda."

"Ndakhala ndikuyenda."

"Masiku onsewa. Ine ndikukulongedzani m'mawa, inu n'kumadzimasula."

"Eya."

"Bola akanakhala mwamuna," anatero a Gwirauko. "Mwamuna ndikanamumenya n'kuthana nazo."

"Bambo, tandiyang'anani. Osati majombo, ine. Ndi liti munandiona nditaima chonchi?"

Anawayang'ana. A Chipeso anali chiimire, mapewa kumbuyo, mutu pamwamba, atatalikanso kuposa amuna awo monga mmene zinalili kale. A Gwirauko anadzuka, anawazungulira, anagwira pamsana ndi nsonga za zala.

"Apa?"

"Pakumveka patalipatali."

"Nanga bala?"

"Lili phee. Anesi analiona."

A Gwirauko anapukuta kumaso ndi chipewa. Analankhula akuyang'ana pansi. "Tsiku lija akukutulutsani kufiyeta, munali ngati mulibe moyo. Anyamata okankha bedi aja analigunditsa pachitseko, inu mutu n'kugwedezeka. Ine ndili poteropo, osaloledwa kugwira. Ndinalumbira kuti mukangofika m'manja mwanga, palibe chidzakugundeninso."

Dalaivala anatsokomola n'kupita kukayang'ana ngati lole ikadali pomwe anaisiya.

"Ndamva, bambo a ana," anatero a Chipeso. "Koma mwezi ukutha mawa, ndipo pampando wanga pakhala mwana woluka ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Ndikupita kusaluni lero. Mukafuna ndipita ndi majombo anuwa, msewu wonse uone."

A Gwirauko anayang'ana pamwamba pa wadirobu. Kenaka anakoka mpando, anakwerapo, n'kutsitsa nsapato zakuda zafulati za kuntchito. Anazipukuta fumbi ndi malaya awo, anagwada, n'kuwaveka okha.

Masitepe anatsika chonchi: a Chipeso dzanja pachitsulo, phazi limodzi, linzake n'kulipeza, kupuma pakona iliyonse. Kutsogolo kwawo a Gwirauko akutsika chafutambuyo, manja atatambasula, osakhudza, milomo ikugwedezeka popanda mawu. Zitseko zinatseguka m'nsanjika zonse. A Mawotchi okha ndiwo anatseka chawo.

Mumsewu a Chipeso anayenda ngati mkwatibwi, osati chifukwa cha matama okha, komanso liwiro linali lomwelo. Wogulitsa zipatso anawakuwira kuti wamva zoti kwawo kwabwera alendo a boma, asilikali. A Chipeso anamuyankha kuti alendowo amufunsa iyeyo, akuti sikelo yake akuidziwa.

Musaluni munali phokoso la madalaya, koma linazima atangolowa. Pampando wa pawindo panali kasitomala, nkhope itakwinyika, mtsikana wa zikhadabo akumukoka tsitsi mwakuti nsidze zinakwera kufika pakati pa mphumi.

"Achemwali!" anakuwa a Madamu. "Mwadzuka! Mapemphero aja!"

"Mapemphero ndi majombo," anatero a Chipeso. "Mwezi sunathe, eti?"

"Sunathe, koma mutha kuima tsiku lonse inu? Taonani mmene mukupumira."

"Tsiku lonse ayi, ndinganame. Adokotala akandiona sabata yamawa. Akalola, ndiyamba ndi m'mawa mokha, mutu umodzi, nditakhala pasitulu yaitali, ndipo ndizidzuka n'kumayendako pakati pa mizere. Madzi onyamula ndi ndowa musandiyang'ane. Masana mwanayu azikhalapo, ndizimuonetsa kuti mutu wa munthu si chingwe cha pachitsime."

Kasitomala uja anatembenuza maso okha, popeza khosi silinkatheka. "Amayi, chonde, ngakhale mzere umodzi wokha wa kutsogoloku. Kuyambira m'mawa sindinaphethire."

A Madamu anayang'ana kasitomalayo, anayang'ana mtsikana, anayang'ana azimayi awiri amene anali atasuzumira kale pakhomo atamva kuti a Chipeso abwera.

"Iwe," anauza mtsikanayo, "kokera kuno situlu yaitali ija. Ndipo pinda thaulo uwaikire m'chiuno."

Mtsikanayo anapita akukoka milomo. Asanaigwire n'komwe situluyo, a Gwirauko anali atalowa kale, ataiyeza miyendo yonse inayi, atapeza kuti umodzi ndi waufupi, ndipo anali chogwada akuuikira kakatoni pansi. A Chipeso anakhalapo, anawongola msana, n'kuyamba kumasula mzere woyamba.

"Bambo, zikomo. Tsopano tulukani, muno timanena amuna."